Utenanti udaletsedwa, nanga malipiro a mwezi ndi mwezi achokera kuti?

Funso: Ndili ndi munda wa fodya ku Chamama, m'boma la Kasungu, womwe adandisiyira malemu bambo anga. Chaka chilichonse ndimakhala ndi mabanja anayi a matenanti ochokera ku Phalombe. Ndimawapatsa chimanga, mchere, feteleza ndi ya kuchipatala, tikagulitsa fodya timawerengerana. Mwana wanga wamkazi amene ali ku koleji akuti zimenezi zidaletsedwa ndipo akafukufuku adapeza kuti ndi ukapolo. Ine sindidamenyepo munthu. Kodi anthu amabwera ndi matabuleti kudzatifunsa mafunsowa sakungofuna kupha ulimi wa fodya? Nanga ndalama yolipira anthu mwezi ndi mwezi ndiitenga kuti, poti ine ndalama ndimaiona kamodzi pachaka? Mlimi wa ku Chamama.

Bambo, mwana wanuyo sadakunamizeni. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la zantchito la Employment Act, ndipo utenanti udaikidwa pamodzi ndi ntchito yokakamiza pa zinthu zoletsedwa. Wopezeka akugwiritsa anthu ntchito mwanjira imeneyi akhoza kulipitsidwa chindapusa ndi kumangidwa kumene. Nkhaniyi sidabwere mwadzidzidzi ayi: bilu yofuna kukonza za matenanti idalembedwa koyamba mu 1995, idakhala ikuzungulira m'maofesi zaka zoposa makumi awiri osafika pokhala lamulo, mpaka boma lidasiya zokonza n'kungothetseratu.

Mwati simudamenyepo munthu, ndipo ndikukukhulupirirani. Koma wofufuza akafika pa esiteti sayeza mtima wa bwana. Amayang'ana mmene mgwirizano udamangidwira. Buku la ngongole amasunga ndani? Mtengo wa ndowa ya chimanga yomwe tenanti watenga mu Januwale amaika ndani, ndipo amauika liti? Fodya akasokedwa, akauma m'chigafa, akasankhidwa, amene amanena kuti uyu ndi giredi yakuti ndipo kilo ndigula mwakuti ndi ndani? Mayankho onsewa amagwera munthu mmodzi, mwini munda. Pomwe matalala akagwa, kapena ng'amba ikavuta mu Febuluwale, kapena mabelo akabwezedwa ku Chinkhoma, amene amabwerera kwawo chimanjamanja ndi uja adagwira khasu miyezi khumi. Mwini munda amaluza naye, inde, koma munda, chigafa ndi laisensi zimatsala m'manja mwake. Ndiye pali ichi chomwe chimapangitsa a bungwe la zantchito padziko lonse la ILO kutchula mawu akuti ntchito yokakamiza: tenanti akaona mu Disembala kuti zinthu sizikuyenda, kodi angathe kunyamuka? Ndalama ya basi yopita ku Phalombe alibe, ngongole ili m'buku, ndipo akachoka ataya thukuta lonse la kuyambira ku nazale. Munthu wotero sasowa womulondera ndi chikoti, ngongole ndiyo imamugwira mwendo.

Dongosololi simudaliyambitse ndinu, ngakhalenso bambo anu. Lidachokera ku thangata wa nthawi ya atsamunda, ndipo m'chigawo chapakati lidazika mizu m'zaka za m'ma 1920 pomwe azungu ngati A. F. Barron adayamba kulimitsa fodya cha ku Lilongwe. Titalandira ufulu, lamulo la Special Crops Act lidasunga fodya wa bale ndi wa m'ng'anjo kuti azilimidwa ndi maesiteti okha. Mlimi wamba amalima wa chikopa n'kumagulitsa ku ADMARC pamtengo wotsika. Akatswiri awiri a zachuma, Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, adaonetsa mu 1982 kuti phindu lomwe ADMARC imapeza pa alimi ang'onoang'onowo limakathera kukweza maesiteti, ndipo anthu ambiri adasiya minda yawo n'kukakhala antchito kapena matenanti. Amene adali ochenjera adaona kuti njira yokha yolowera ku okushoni ndi kulembetsa munda wa banja kuti ukhale esiteti. Nchifukwa chake maesiteti adachoka pa 1,200 chabe mu 1979 kufika poposa 14,000 mu 1989, ambiri mwa iwo ang'onoang'ono, ndipo Kasungu ndi limodzi mwa maboma omwe adadzaza nawo. Sindingadabwe ngati munda wanu udabadwa nthawi imeneyo. Eni minda otere adalibe mpamba wolipira antchito, ndiye utenanti udali ngati banki yawo: tenanti amakongoza bwana mphamvu zake kwa chaka chathunthu popanda chiwongoladzanja, popanda chikole. Kungoti m'buku mumalembedwa kuti wangongole ndi tenantiyo.

Tsopano za anthu a matabuleti. Kukayikira kwanu kuli ndi malo ake, chifukwa kafukufuku salingana kulemera, ndipo aliyense ali ndi amene adamulipirira. Wina amalipiridwa ndi mabungwe a zaumoyo omwe safuna kuti anthu azisuta, wina ndi mabungwe ngati ECLT, olimbana ndi ntchito za ana mu fodya, omwe ndalama zake zimachokera ku makampani a fodya. Mu 2009 bungwe la Plan lidatulutsa lipoti lomwe lidamveka dziko lonse lapansi, lonena kuti mwana wothyola fodya wonyowa akhoza kulowedwa ndi nikotini wofanana ndi wa ndudu 50 patsiku kudzera pakhungu. Ana omwe adacheza nawo adalipo 44 okha. Chiwerengero chotere sichingakuuzeni kuti vutoli ndi lalikulu bwanji m'dziko lonse, ngakhale chimakuuzani bwino mmene mwanayo amamvera: mutu, nseru, chizungulire, kufooka, zomwe ambiri kumudzi timangoti ndi malungo. Kukula kwa vuto kumadziwika ndi kafukufuku wa ofesi ya kalembera ya NSO ku Zomba, yemwe amasankha makomo m'dziko lonse mosakondera. Wa mu 2015 adapeza kuti ana 38 pa 100 alionse a zaka 5 mpaka 17 amagwira ntchito zosayenera msinkhu wawo, ambiri mwa iwo kumunda. Chaka chomwecho a Centre for Social Concern a ku Kanengo, omwe ndi a mpingo wa Katolika, adatulutsa zomwe adapeza pakati pa matenanti: mapangano a pakamwa, phoso losakwanira, ndi mabanja otsala ndi kangachepe kapena ngongole nyengo ikatha. A mpingo, a boma, a zaumoyo ndi a makampani, anthu oti sadyera mbale imodzi, akamapeza chinthu chofanana, ine ndimasiya kufunsa kuti walipira ndani.

Pa nkhani ya ana, ofufuza adaona chinthu chomwe eni minda ambiri sachiganizira. Mukalemba tenanti mumapangana ndi bambo yekha, koma munda womwe mumamupatsa ndi woti munthu mmodzi sangaukwanitse. Mkazi amalowa m'munda, ndipo nthawi yothyola ndi kusoka ikafika ana amajomba kusukulu. Simudawatume ndinu anawo, koma kukula kwa ndime ndiko kudawatuma. Malipiro amatuluka a munthu mmodzi, manja agwira a anthu asanu.

Musaganize kuti akafukufuku amangoona inu ngati chilombo. A Donald Makoka a ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ndi anzawo adafunsa alimi a fodya 685 m'maboma asanu ndi limodzi, n'kuwerengera zonse zolowa ndi zotuluka. Adapeza kuti ukangoika mtengo pa ntchito yomwe banja limagwira, phindu la mlimi wamng'ono limafota kwambiri, ndipo ambiri amapezeka kuti adalowa pansi. Kunena kwina, fodya wathu pamtengo womwe amagulidwa amayenda chifukwa pali wina amene sakulipidwa: pa mlimi wamba ndi mkazi ndi ana ake, pa esiteti yaing'ono ndi tenanti. Umboni umenewu ndi wokuthandizani inu pokambirana ndi ogula, mukadziwa kuugwiritsa ntchito.

Chomwe chidatsala pang'ono kupha msika si lipoti la munthu wa ku yunivesite. Pa 1 Novembala 2019 a kasitomu a dziko la America adalamula kuti fodya yense wochokera ku Malawi azigwidwa pa doko chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi ya ana. Makampani adachita kudziyeretsa imodziimodzi: Alliance One ndi Limbe Leaf adamasulidwa mu 2020, Premium Tobacco mu 2021. Mwezi womwewo wa Novembala 2019 dziko lathu lidavomereza pangano la ILO la 2014 lolimbana ndi ntchito yokakamiza. Kumapeto kwa 2020 matenanti ndi ana awo zikwizikwi adasumira makampani a ndudu a British American Tobacco ndi Imperial kukhoti lalikulu ku London, makampaniwo akukana mlandu, ndipo mu 2021 khoti lidakana pempho lawo loti mlanduwo uthetsedwe usanamvedwe. Mukaika zonsezi pamzere muona chifukwa chake nkhani ya utenanti yomwe idagona zaka zambirimbiri idadzuka msangamsanga. Fodya amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zomwe dziko limapeza pogulitsa katundu kunja, ndiye boma silikadayerekeza kutaya ogula.

Mwina munena kuti, "Koma anthuwa amabwera okha, ena chaka ndi chaka." Zoona. Katswiri wa zachuma Jessica Goldberg adayesa zimenezi ku Lobi m'boma la Dedza. Sabata iliyonse m'nyengo yachilimwe amalengeza ganyu ya tsiku limodzi, malipiro ake akusinthasintha kuyambira K30 mpaka K140. Ngakhale pa K30, anthu oposa 70 pa 100 alionse adabwera kudzagwira. Munthu wopanda pogwira amavomera chilichonse, ndipo kuvomera kwake sikusonyeza kuti malipirowo ndi abwino. Ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Thyolo malo olima adachepa kalekale, ndiye kubwera kwawo ku Kasungu kukungonena za kwawoko.

Komabe pali chinthu chimodzi chomwe matenanti amachifunadi mu dongosololi, ndipo otsutsa utenanti amachilumpha: ndalama ya nthawi imodzi. Ya mwezi ndi mwezi imathera mchere, sopo ndi achibale, pomwe ya pamodzi imagula malata. Ofufuza Lasse Brune, Eric Chyn ndi Jason Kerwin adayesa izi ndi othyola tiyi pa esiteti ya Lujeri ku Mulanje. Adawapatsa mwayi wosankha kuti gawo la malipiro awo lizisungidwa n'kudzalandira pamodzi nyengo ikatha, popanda chiwongoladzanja. Pafupifupi theka adavomera, ndipo patapita nthawi adapezeka atakonza nyumba zawo kuposa anzawo, makamaka madenga a malata. Koma taonani kusiyana kwake ndi zanu. Ku Lujeri malipiro amadziwika, amawerengedwa nthawi iliyonse yolandira, wantchito amasankha yekha kuchuluka kosunga, ndipo ndalamayo ndi yake kaya tiyi wagulidwa bwino ku Limbe kaya ayi.

Tibwere ku funso lanu lenileni. Tiwerengere ndi malipiro ochepetsetsa a wantchito wamba omwe boma lidaika mu Febuluwale 2024, K90,000 pamwezi, ngakhale adakweranso pambuyo pake. Banja limodzi lili ndi akuluakulu awiri ogwira ntchito. Miyezi khumi, kuyambira ku nazale mpaka kudinda mabelo, ndi K1,800,000. Mabanja anayi ndi K7,200,000, feteleza, mankhwala, mitengo ya zigafa, ziguduli ndi thiransipoti musanawerengere. Tengani mapepala anu a ku okushoni a zaka zitatu zapitazi muyerekeze nokha. Ndikuganiza kuti mupeza kuti mabanja anayi munda wanu sungawanyamule, ndipo sindikunyengererani pamenepa. Lamulo lidaletsa utenanti koma silidabweretse thumba loti mwini munda wamng'ono akongolepo ndalama ya malipiro, ndipo oyendera malo a ntchito m'maboma ndi ochepa poyerekeza ndi minda yomwe ili kutali ndi tala. Zotsatira zake ndi zomwe mukuziona nokha ku Chamama, ku Wimbe ndi ku Santhe: ena angosintha dzina, tenanti akutchedwa wantchito koma buku ndi lomwe lija, ena asiya mabanja n'kumadalira aganyu, omwe sapatsidwa nyumba ngakhale phoso. Kwa ine lamuloli lidalondola pa chomwe lidaletsa, koma lidasiyidwa panjira.

Ndalama ya malipiro ingachokere malo atatu okha: kwa wogula, ku banki, kapena ku fodya wa chaka chatha. Chiyambire 2012 fodya wambiri amalimidwa pa kontirakiti, ndipo kampani imakongoza mlimi feteleza, mbewu ndi mankhwala. Kampani yomweyo ndiyo imafuna umboni woti pa munda panu palibe tenanti kapena mwana, chifukwa popanda umboniwo fodya wake salowa ku America. Ndiye si kupempha chifundo mukaiuza kuti malipiro a antchito alowe mu ngongole ya zipangizo ndiponso mu mtengo wa pa kilo. Mlimi mmodzi akanena samveka. Nkhaniyi ipite kudzera ku kalabu yanu, ku TAMA Farmers Trust ndi ku Tobacco Commission nthawi yokambirana mitengo, msika usanatsegulidwe.

Za banki yamalonda ndingodutsa: chiwongoladzanja chake pamodzi ndi kugwa kwa kwacha, ngati kuja idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zikhoza kukudyerani munda.

Njira yachitatu ndi yowawa chaka choyamba koma ili m'manja mwanu. Mu 2009 Brune, Xavier Giné, Goldberg ndi Dean Yang adagwira ntchito ndi alimi a fodya oposa 3,000 m'makalabu 299 m'chigawo chapakati. Ena adathandizidwa kuti ndalama ya fodya izilowa mu akaunti ya mlimi mwiniyo m'malo molandira pamanja. Nyengo yotsatira alimi amenewo adalima malo okulirapo, adagula zipangizo zambiri ndipo adakolola zochuluka kuposa anzawo. Tonse tikudziwa mmene ndalama ya fodya imasungunukira pa Kasungu boma pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mukapatula ya malipiro tsiku lomwe yalowa, n'kuchepetsa fodya kufika pa ndime yomwe antchito awiri kapena atatu olipidwa bwino angaikwanitse, malo otsalawo n'kudzala soya ndi mtedza zomwe sizifuna manja ambiri ndipo mutha kusunga n'kumagulitsa pang'onopang'ono, muli ndi poyambira. Mabelo achepa, koma wantchito wokhuta amasamala tsamba, ndipo ku Chinkhoma giredi ndiyo imalipira.

Mabanja omwe simuwatenganso ndiwo amandidetsa nkhawa, ndipo apa udindo ndi wa boma kuposa inu. Anansi anu a ku Mchinji ndiwo adayamba kulandira Mtukula Pakhomo mu 2006, ndipo ofufuza a ku Boston University pamodzi ndi a Centre for Social Research ku Zomba adatsatira makomowo. Makomo olandira adachepetsa ganyu, adagula makasu, nkhuku ndi mbuzi, ndipo ana adachepetsa kukagwira ntchito kwa eni. Chodabwitsa n'chakuti ntchito za ana pakhomo pawo pomwe zidawonjezekera, poti tsopano padali ziweto zoti adyetse ndi munda woti alime. Ngakhale zili choncho, kandalama kochepa kobwera mosadumphadumpha kamapatsa munthu mphamvu yokana ntchito yoipa, zomwe lamulo palokha silingachite.

Kwa amene mutsale nawo, chitani izi msika ukangotha, musanatume munthu ku Phalombe. Pangano lilembedwe m'Chichewa, aliyense akhale ndi pepala lake, ndipo mayi alembedwe payekha ndi malipiro akeake ngati azigwira ntchito. Mulembemo malipiro a pamwezi, maola, tsiku lopuma, za nyumba, ndi amene alipire ulendo wobwerera ngakhale munthu atachoka nyengo isanathe. Lamulo limati sabata ya ntchito ndi maola 48, opitirira apo ndi ovataimu, ndipo nthawi yothyola mudzawapitirira ndithu, choncho muwerengeretu. Chimanga chomwe atenga chilembedwe tsiku lomwelo pamtengo wa tsiku lomwelo, m'mabuku awiri, lanu ndi lake. Wofuna kusungitsa gawo la malipiro kuti adzalandire pamodzi anene yekha, ndipo ndi bwino ndalamayo izipita ku akaunti yake kapena pa foni yake, osati m'thumba mwanu. Mukafuna kuti asamale fodya ngati wawo, onjezani bonasi ya pa kilo pamwamba pa malipiro, osati m'malo mwake. Mwana wosafika zaka 14 saloledwa kulembedwa ntchito, ndipo wosafika 18 asakhudze mankhwala kapena tsamba lauwisi. Akuluakulu othyola m'mamawa kukadali mame apatsidwe magolovesi ndi chovala chosalowa madzi. Ku ofesi ya zantchito pa Kasungu boma akuuzani malipiro ochepetsetsa a panopa ndipo atha kuona pangano lanu. Bungwe la antchito a mu fodya la TOAWUM nalonso limadziwa nkhanizi.

Anyamata ndi atsikana a matabuleti akadzabweranso, muli ndi ufulu wowafunsa kuti atumidwa ndi ndani, ndalama walipira ndani, chilolezo cha kafukufukuyo adachitenga kuti, ndipo zotsatira adzabwera nazo liti. Muli ndi ufulu wokana, ndipo matenanti anu ali ndi ufulu woyankha inu mulibe pafupi. Koma ine ndikadakhala inu sindikadawabweza. M'malipoti ambiri mumamveka mawu a tenanti ndi a kampani, pomwe mwini munda wa mahekitala ochepa amene wapanikizika pakati amamveka mwa apo ndi apo. Atulutsireni buku lanu ndi mapepala a ku okushoni, aone zomwe kampani idadula, zomwe zidapita ku thiransipoti ndi ku msonkho, ndi zomwe zidatsala. Mwana wanu wa ku kolejiyo akhale pomwepo, akuthandizeni kuika ziwerengerozo mwezi ndi mwezi kuyambira Ogasiti mpaka Julaye, kuti pooneka miyezi yomwe thumba limauma pakhale pomwe mukayambire kukambirana ndi ogula.